Kachombo Kosanama

Mawu amene mphunzitsi wa ntchito zamanja wa ku Ndeke analankhula pa msonkhano wa aphunzitsi

 Pamene a komiti anandilembera kalata kuti ndidzalankhule za ntchito zamanja m'sukulu, ndinayesa kuti afuna ndinene za madengu, kapena za mipini ndi mipando, zimene ambiri a inu muzidziwa kupambana ine. Koma m'munsi mwa kalatayo munali mawu akuti, Mudzanene za kachombo kaja kanakuchititsani manyazi. Chotero ndaima pano lero monga munthu wodzinenera yekha mlandu, ndipo ndipempha kuti mundimvere mokoma mtima.

Ine ndiphunzitsa ku Ndeke, mumzinda wa Kitwe. Ana athu kumeneko adziwa magalimoto aakulu onyamula mkuwa, adziwa njanji ndi zitunda za dothi la m'migodi, koma chombo choyenda ndi mphepo sanachionepo chibadwire, pakuti madzi aakulu amene awadziwa ndiwo Kafue basi. Chaka china ndinapita nao ku Ndola kukaona malo a Mtengo wa Akapolo pa Makoli Avenue, pamene amalonda Achiswahili, monga Chiwala ndi anzake, ankasonkhana napangana za minyanga ndi za anthu, boma la Ndola lisanakhazikitsidwe mu 1904. Pobwerera m'basi mtsikana wina, amene anali ndi mapu pa miyendo, anandifunsa nati, "Aphunzitsi, anthu amene anapita nao kum'mawa, nyanja yaitaliyi anaoloka bwanji?" Ndinayankha msanga kuti, "Pa chombo." Iye anati, "Chombo chake chotani?" Ndipo ine, posafuna kuoneka wosowa poyankha, ndinalonjeza kuti tidzasema kachombo ka mtengo kuti onse aone ndi maso.

Tinasemadi. Ndinatenga chithunzi pa intaneti, cha chombo chokongola cha milongoti itatu, ndipo tinachitsata masabata 6. Tinaikapo matanga a ngodya zinayi osanjikizana, makwerero a zingwe okwerera ku milongoti, gudumu lowongolera, mizinga isanu mbali iyi ndi isanu mbali inayo, nangula wa unyolo, ndi timigolo ta madzi akumwa. Anyamata anapempha kuti aikepo mbendera yakuda ya chigaza ndi mafupa, ndipo ndinawalola. Tinapaka vanishi kufikira kanawala ngati galasi, ndipo pansi pake ndinalemba ndi dzanja langa kuti, Chombo cha akapolo cha pa nyanja ya Malawi.

Tsiku la makolo linafika. Pakati pa alendo panali agogo ake a mnyamata wina, bambo okalamba amene anabadwira ku Nkhotakota nabwera kuno akali mnyamata kudzagwira ntchito m'migodi, monga anachitira anthu ambiri a ku Nyasaland masiku aja. Anaima nthawi yaitali pa tebulo lathu, manja kumbuyo. Potsiriza anati, "Aphunzitsi, kachomboka n'kokongola ndithu. Koma kodi kanayenda pa nyanja iti?" Ndinawalozera mawu aja. Anawerenga, napukusa mutu, nati, "Ine ndinakwera zombo za thanga kuyambira ndili wamng'ono, ndipo agogo anga anandisimbira za zombo za Jumbe, koma cha gudumu ndi makwerero sindinachione, ndipo iwonso sanachinene. Nanga timigolo iti n'tachiyani?" Ndinati, "Ta madzi akumwa, bambo." Pamenepo anaseka kufikira misozi, nati, "Mwana wanga, pa nyanja yathu munthu akamva ludzu angotunga ndi chikho." Ana onse anali pomwepo, akumva.

Usiku umenewo sindinagone bwino, ndipo si manyazi okha amene anandisautsa ai. Ndinaganiza kuti mawu olakwa amene ndilemba pa bolodi afafanizidwa madzulo omwewo, koma chinthu chosemedwa chikhala pa shelefu zaka khumi, ndipo mwana aliyense wolowa m'chipindamo achikhulupirira kupambana buku, popeza wachigwira ndi manja ake. Mtsikana uja anafunsa funso loona, la makolo a anthu enieni, ndipo ine ndinam'yankha ndi nthano ya m'kanema. Akulu anati safunsa anadya phula. Ndinalidya ine, ndipo ndinagawirako ana 58.

Tsono tinayambanso, ndipo ndinauza ana lamulo limodzi lokha: kanthu kalikonse kofuna kukwera pa kachombo kathu kayenera kubwera ndi mboni. Mwana akati, Tiikepo belu, anzake amufunse kuti, Mboni yako ndani?

Mboni yoyamba tinaipeza m'buku la David ndi Charles Livingstone la ulendo wao wa ku Zambezi, losindikizidwa mu 1865. Mu Seputembala 1863 Livingstone anafika ku Nkhotakota, mudzi wa Jumbe, kumene Aswahili anakhazikika kuyambira zaka za m'ma 1840, ndipo anapeza akupanga chombo chatsopano m'malo mwa china chimene chinasweka. Pokhala munthu wokonda kuyesa zinthu, analemba muyeso wake: m'litali mapazi 50, m'mimba mapazi 12, kuya kwake mapazi 5. Analembanso mitengo yake. Matabwa anali a mtengo umene Ayao autcha mtumbati, ndiwo mlombwa wathu, umene akalipentala a ku Kitwe autcha mukwa. Nthiti za m'kati zinali za msolo. Taonani tsono, abale, mitengo yonse iwiri imera m'nkhalango zathu zomwezi, ndipo tizidutswa ta mukwa tinangopempha kwa opala matabwa pafupi ndi msika wa Chisokone. Buku lomwelo linena kuti pa Nkhotakota panali pooloka pa njira yaikulu yochokera kwa Kazembe ndi ku Katanga, yodzera anthu, minyanga ndi mkuwa, ndi kuti ankaolokera ku Losewa, tsidya la kum'mawa, napitirira pansi kunka ku Kilwa. Ana a pa migodi pakumva kuti mkuwa unali kale m'zombo zimenezo anatchera khutu koposa.

Mapazi 50 ndiwo mamita 15 ndi pang'ono. Tinapangana kuti sentimita imodzi pa kachombo iimire masentimita 25 pa chombo chenicheni, ndipo masamu ake anachita ana okha: m'litali masentimita 61, m'mimba pafupifupi 15, kuya 6. Kenaka tinasema kamunthu ka masentimita 6 ndi theka, koimira mwamuna wa msinkhu wapakati. Ndikupemphani, aphunzitsi anzanga, kamunthu kameneka musakaiwale, pakuti ndiko woweruza wa zonse. Titakaimika pansi m'kachombo, mutu wake unatulukira pamwamba pa matabwa a m'mbali. Pomwepo mwana wina anati, "Ndiye kuti zipinda zapansi zija tinanama." Inde tinanama. Pa kachombo koyamba tinatseka pamwamba ponse ndi matabwa, ndi kuboola timakomo totsikira ku zipinda ziwiri zosanjikizana, chifukwa m'mutu mwanga munali chithunzi chija chodziwika cha chombo cha ku Liverpool chotchedwa Brookes, chimene odana ndi ukapolo anafalitsa mu 1788, choonetsa anthu atagonekedwa m'mizere. Chimenecho chinali cha pa nyanja ya Atlantic, cha ulendo wa masabata ambiri. Chombo chakuya mapazi 5 sichingakhale ndi nyumba zosanja m'mimba mwake.

Livingstone anatipatsa thupi la chombo. Za zipangizo za pamwamba tinapita kwa mboni yachiwiri, ndiyo abale ake a chombocho. Amisiri a Jumbe anachokera ku gombe la Zanzibar ndi Kilwa, ndipo anapanga monga anaphunzirira kwao. Zombo za mtundu umenewo, zimene Aswahili azitcha jahazi ndi dau, zajambulidwa kwambiri, ndipo zidzukulu zake zikali kuyenda ndi thanga pakati pa Likoma, Chizumulu ndi gombe la Mozambique. Mboni yachitatu inali agogo aja, amene ndinapita kukawapepesa, ndipo anavomera kubwera Lachisanu lililonse. Kunena zoona, mawu omwe a chilankhulo chathu ali mboni. Ife titi thanga, Aswahili ati tanga. Ife mlongoti, iwo mlingoti. Ife nangula, iwo nanga. Mawu ena otere, monga tsigiro, muwadziwa kale, pakuti muwawerenga mu Machitidwe 27 ndi mu Yakobo 3, ngakhale ambiri a ife tiwawerenga osadziwa maonekedwe a chinthucho.

Ndiyambe ndi mlongoti, popeza zina zonse zitsata iwo. Chombo chotere chili ndi mlongoti umodzi, waufupi ndi wonenepa, ndipo suima chilili ai, koma upendekera kutsogolo. Pa mlongotiwo apachika mtengo wautali wonyamula thanga, umene Aswahili autcha foromali, ndipo utali wake ufanana ndi utali wa chombo chonse. Popeza mtengo umodzi wotere usowa, alumikiza iwiri kapena itatu ndi zingwe. Chotero pa kachombo musaseme kamtengo kamodzi kosalala ngati pensulo, koma lumikizani tiwiri ndi ulusi, mfundo zake zioneke. Thanga ndi limodzi, looneka ngati la ngodya zitatu, nsonga yake kumwamba chakumbuyo, ndipo asoka ndi nsalu zopapatiza zolumikizana. Ife tinatenga mpango wakale wa thonje wopyapyala, tinauviika m'tiyi kuti uleke kuyera mbee, ndi kulemba misoko yake ndi pensulo, chifukwa msoko weniweni wa singano pa muyeso uwu uoneka ngati chingwe chomangira ng'ombe.

Apa pali chinthu chimene ndinachikonda koposa zonse, ndipo ndikhumba kuti inunso muchione. Anyamata anadandaula pamene ndinachotsa makwerero a zingwe, pakuti anavutika nao masiku ambiri. Agogo aja sanawadzudzule, koma anawafunsa kuti, "Akwere kukatani?" Pa zombo zazikulu za ku Ulaya mitanda ya matanga ikhala m'mwamba nthawi zonse, ndipo amalinyero akwera kukapinda matanga komweko, ndicho chifukwa chake cha makwerero. Koma pa chombo chathu foromali yonse itsika pansi pamodzi ndi thanga lake, anthu napinda ali chiimire. Ndiponso potembenuka kuti mphepo idzere mbali ina, foromali ndi thanga azizungulitsa kutsogolo kwa mlongoti, ndipo zingwe zogwira mlongoti azimasula mbali iyi nazimanga mbali inayo. Makwerero omangika chimangire akadatsekereza ntchito imeneyi. Muona tsono kuti chipangizo cholakwa sichingoipitsa maonekedwe, koma chipanga chombo chosatha kuyenda. Kuyambira tsiku limenelo ana anasintha funso lao. Analeka kufunsa kuti, Kodi n'chokongola? nayamba kufunsa kuti, Chigwira ntchito yanji, ndipo achigwira ndani?

Foromali ndi yolemera, ndipo aikweza ndi chingwe chachikulu chodzera pa nsonga ya mlongoti, chotsikira chakumbuyo, chopita m'zipika ziwiri zazikulu zoboola zokhala ndi timagudumu m'kati. Zipika zimenezi ndi za mtengo, zosemedwa ndi manja, zazikulu kotero kuti munthu aziona asanaone zina. Ife tinasema zathu ndi mtengo wolimba, ndi kuboola ndi singano yotentha. Za zingwe ndinene ichi: chingwe chonenepa ngati chala chachikulu cha mwamuna, ndiye masentimita awiri ndi theka, pa kachombo chikhala milimita imodzi yokha. Zingwe zonse sizilingana. Chokwezera foromali ndi cha nangula zinenepa, zina zichepa. Ulusi wake ukhale wofiirira monga luzi, ndipo muupititse pa phula la njuchi kuti ubweya wake ugone. Ulusi wa nailoni wobiriwira kapena wabuluu muukane ndithu, pakuti nailoni inapezedwa mu 1935. Ndipo apa chenjerani ndi zithunzi za zombo za lero za ku Likoma: thupi ndi mlongoti zikuphunzitsani zoona, koma injini ya kumbuyo, zingwe za nailoni, matayala opachika m'mbali ndi thanga la matumba a feteleza, zimenezo ndi za masiku ano.

Gudumu lowongolera ndi limene linandipweteka mtima pochotsa, chifukwa ndinalisema ndekha usiku utatu. Gudumu lotere linayamba kuoneka pa zombo zazikulu za ku Ulaya m'zaka zoyamba za m'ma 1700, kumene tsigiro linali lolemera kopambana mphamvu ya mkono wa munthu. Chombo cha mapazi 50 sichilifuna. Tsigiro lake lipachikika kunja kumbuyo, ndipo pamutu pake alowetsa mtengo umodzi wogwirira, umene woyendetsa aukankha uku ndi uku ali chikhalire. Pamene iye akhala ndi pamene pali timatabwa toyala, ndi penanso pang'ono kutsogolo pogwirira nangula. Pakati ponse ndi poyera, ndipo muona nthiti za chombo ndi mitanda yopingasa. Kumbuyoko zombo zotere zikhala ndi kamsasa ka udzu kapena ka masamba a mgwalangwa, kotchinga dzuwa kwa mwini chombo ndi alendo olemekezeka. Ana anazindikira okha amene sanali kukhala m'kamsasamo.

Nangula wathu woyamba tinatengera pa chizindikiro cha pa chipewa cha amalinyero, wa ngowe ziwiri ndi mtanda pamwamba, ndi unyolo, ndi makina okokera. Wa zombo zotere ndi chitsulo chimodzi cha ngowe zinayi, chomangidwa ku chingwe, chokokedwa ndi manja. Tinapinda ndi waya, ndi kudetsa pa utsi wa nyali. Waya wake ndinagula ndekha. Ku Copperbelt mphunzitsi asatume ana kuti akafune waya wa mkuwa, pakuti sadziwa kumene akaudule. Timigolo tija tinachotsa, ndipo m'malo mwake tinaika chikho, nkhafi zazitali, nsungwi zokankhira pa madzi osaya, ndi chokapira madzi, chimene agogo aja anati chombo chopanda icho sichichoka pa dooko. Vanishi ndi timisomali tonyezimira tinazileka. Thabwa la masentimita 20 likhala mamilimita 8, ndipo mitu ya misomali yachitsulo ingokhala timadontho ta pensulo.

Mbendera yakuda inapita, ndipo tinaika yofiira yopanda cholemba, ya Sultani wa ku Zanzibar, popeza Jumbe ankadziyesa nduna yake. Apanso panali phunziro, chifukwa mbendera ya chigaza inauza ana kuti awa anali achifwamba obisala, pamene zoona zake n'zakuti anali amalonda oyenda poyera, okhala ndi mfumu yao, ndi misonkho yao. Colonel Rigby, amene anali kazembe wa Britain ku Zanzibar, anauza Livingstone kuti akapolo 19,000 a ku dziko la nyanja imeneyi ankadzera pa nyumba ya msonkho ya ku Zanzibar chaka ndi chaka. Mizinga khumi ija inapitanso. Mizere ya mizinga yosuzumira pa timazenera ndi ya zombo zankhondo za ku Ulaya, ndipo m'chombo chopanda denga, chakuya mapazi 5, mulibe poiika. Nkhondo inalipo pa nyanja, inde. Mu Disembala 1891 Captain Cecil Maguire anaphedwa pamene anali kuononga zombo ziwiri za mfumu Makanjira. Koma wofuna kusema chombo cha mzinga aseme Guendolen, sitima ya boma imene inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa Sphinxhaven mu Ogasiti 1914, ndipo alembe dzina loona pansi pake.

Ichi chindifikitsa pa cholakwa china chimene ndaona pa zionetsero za sukulu, ndicho kusasankha chaka. Chombo chikhala zaka zambiri, ndipo chisintha zovala monga munthu. Ena a inu mufuna kusema Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya UMCA, yotchedwa dzina la bishopu amene anamira pa nyanjayo mu 1895 pamene ngalawa yake ya thanga inagubuduzika ndi namondwe. Sitimayo inapangidwa ku Glasgow mu 1899, inabwera zidutswazidutswa, niyamba kuyenda mu 1901, ya nthunzi, yotentha nkhuni, yokhala ndi milongoti. Mu 1953 inagulitsidwa ku boma, ndipo m'zaka za m'ma 1960 inakonzedwanso, niikidwa injini ya dizilo ndi zipinda zina za apaulendo. Wotenga chumuni pa chithunzi chakale, ndi zipinda pa chithunzi chatsopano, apanga sitima imene sinakhalepo tsiku ndi limodzi lomwe. Chomwechonso ndi Ilala: ina ndi kasitima kakang'ono kamene kanalowa pa nyanja pa 12 Okutobala 1875 ndi E. D. Young ndi Dr Robert Laws, kotchedwa dzina la dziko lathu lino la Ilala kumene Livingstone anafera mu 1873. Ina ndi sitima yaikulu ya 1951. Choyamba lembani chaka pa pepala, ndipo pambuyo pake tengani mpeni.

Panali mkangano umodzi umene ndifuna muumve, pakuti mwina mudzakumana nao. Ana anafuna kusema magoli, mitengo ija ya mphanda yomangira akapolo m'khosi, ndi kuika m'kachombo. Mboni ya goli ilipo yokwanira. Mu 1861 Livingstone ndi anzake anamasula anthu 84 pa mudzi wa Mbame, ku mapiri a Shire, nadula magoli ao ndi sowo. Koma mtsikana uja wa mapu anati mboni imeneyo inaona goli pa njira ya pamtunda, osati m'chombo. Anzake anakwiya, nati akuchepetsa nkhanza. Ine ndinakhala chete kufikira anatopa, ndipo potsiriza anapangana okha kuti goli ligone pa tebulo pambali pa kachombo, pa mchenga woimira gombe, ndi kapepala kake. Ndiganiza kuti anaweruza bwino. Nkhanza imene inachitika pa nyanja ija siisowa kuti ife tiiwonjezere. Ndipo tsiku limene mwana adzapeza kuti tinakometsera pamodzi, adzakayika ndi zoona zomwe.

Pa chifukwa chomwecho tinalemba khadi la mizere itatu ndi kuliika patsogolo pa kachombo. Mzere woyamba unena zimene tinatenga kwa munthu amene anaona chombocho ndi maso mu 1863, ndizo muyeso ndi mitengo. Wachiwiri unena zimene tinatenga ku zombo za mtundu womwewo ndi kwa agogo aja, ndizo mlongoti, thanga, tsigiro, nangula ndi kamsasa. Wachitatu unena zimene tinasankha tokha, monga mtundu wa thanga ndi malo oika nkhafi. Mlendo wowerenga khadi limeneli adziwa poponda mwamphamvu ndi poponda mosamala.

Kachombo katatha, ndinatulutsa ana ku bwalo la mpira. Tinatenga chingwe choyesera ndi phulusa la ku khichini, ndi kulemba pansi chombo chenicheni, mamita 15 ndi pang'ono m'litali, osakwana 4 m'mimba, chosongoka kutsogolo. Tinapatula malo a woyendetsa ndi kamsasa, malo a mlongoti, ndi malo a amalinyero okoka zingwe ndi okapa madzi. Ndipo ndinati onse 58 alowe pa malo otsalawo, akhale pansi. Poyamba panali kuseka ndi kukankhana, monga mudziwa ana. Koma ndinawauza kuti aike m'maganizo minyanga ndi mkuwa pansi pa miyendo yao, ndi dzuwa pamutu popanda denga, ndi mwera, mphepo ija ya kumwera imene iutsa mafunde aakulu m'miyezi yozizira, ndi matabwa a m'mbali osapitirira paphewa. Ndiponso kuti ambiri a okwerawo anali anthu a kumtunda monga iwo, osaonapo madzi opanda tsidya. Kuseka kunatha kokha. Sindinawonjezere mawu ena, ndipo tinakhala chomwecho kufikira belu linalira. Kachombo koyamba kaja, ka mizinga ndi vanishi, sikakadatha kuchita ichi, chifukwa kanaitana mwana kuti akhumbire kukwera.

Kwa inu a sukulu za kumidzi ndinene kuti m'ntchito iyi muli olemera kupambana ife a m'tauni. Mlombwa ndi msolo muzidziwa zili chiimire. Luzi, nsungwi, phula ndi udzu simugula. Ndipo koposa zonse muli ndi okalamba pafupi, amene ife tiwapeza mwamwayi pa tsiku la makolo. Zida zake ndi mpeni wakuthwa, kasowo, tchizulo kakang'ono, sandipepa ndi guluu. Ngati nyanja ya Malawi ili kutali ndi phunziro lanu, yambani ndi bwato la pa mtsinje wanu, la pa Luangwa kapena pa Kafue: pitani ndi ana mukaliyese ndi chingwe, mufunse mwini wake dzina la mtengo, ndi chifukwa chake nkhafi ya kwanuko ili ndi maonekedwe amene ili nao. Lamulo ndi lomwelo, ndipo mboni ili pa dooko. Pa kachombo kamodzi kotere mulowa masamu a muyeso, mbiri, mapu, ndi chilankhulo, ndipo woyang'anira sukulu akadzafunsa kuti nthawi ya zamanja mwaitaya pa chiyani, mudzakhala nacho choonetsa.

Lachisanu lotsiriza agogo aja anabwera kudzaona ntchito yomalizidwa. Anavala magalasi, nayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, nakankha tsigiro ndi chala, nakweza foromali ndi kuitsitsa kawiri. Sananene kuti n'kokongola. Anangoloza pamene chingwe cha thanga chimangika kumbuyo, nati, "Uyu wamanga apa ndani? Iyi ndi mfundo yomangira mbuzi. Mwera ukawomba mwadzidzidzi, woyendetsa afuna kumasula ndi dzanja limodzi, apo ai mwamira nonse." Wolakwayo anali mdzukulu wao yemwe. Anam'khazika pambali pao, ndipo ndi zala zonjenjemera anam'sonyeza pa chingwe chachikulu katatu, kufikira mnyamatayo anatha kumanga yekha pa ulusi.

Tizombo tonse tiwiri ndabwera nato, ndipo tili pa tebulo la kumbuyoko pafupi ndi khomo, koyambako kumanzere ndi mawu ake aja osafafaniza, kachiwiri kumanja ndi khadi lake. Pa nthawi ya tiyi mukaone, ndipo mfundo ija muikoke ndi dzanja limodzi muone m'mene imasukira. Koma chonde musakanyamule pogwira mlongoti, pakuti unaguluka m'basi pa Kapiri Mposhi, ndipo guluu wake sanaumitse.